Bomba Limene Ndinawonjezera pa Ndege ya Eni

Ndivomereretu kuti tisavutane: bomba lija ndinapenta ndine. Si a Tembo ayi, ngakhale anthu ena kutchalitchi kwathu amanong'onezana choncho poti iwo ndi a ku Zambia. Ndine Yamikani, ndi manja anga omwewa, Lachitatu lina masana a Brennan atapita kukazulitsa dzino. Ndipo linali bomba lokongola. Zimenezo ngakhale a Brennan eni akewo sakana.

Ntchitoyo sindinachite kuifunafuna. Chaka chatha, sukulu itatsala pang'ono kutsekera holide yaitali, ndinathira guluu pampando wa aphunzitsi a Jogalafe, ndipo uthenga unafika kwathu ku Blanchardstown ine ndisanafike. Amayi amagwira ntchito yosamalira okalamba, amaweruka miyendo itatupa. Anawerenga uthengawo ataima pakhomo, nsapato asanavule, nkungoti, "Yami, ine ndatopa nawe." Lamulungu titatuluka Misa anandigwira pamkono mpaka kwa Bambo Zuze, ansembe a kwathu ku Dedza amene akutumikira parishi ina kuno ku Dublin.

"Bambo, mwanayu mumupezere chochita holide ino. Apo ayi ndimukweza ndege akalime fodya kwa amalume ake."

Bambo Zuze anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndege umazikonda, mnyamata?"

"Kwambiri, Bambo."

"Basi, ntchito yapezeka."

M'mutu mwanga munali eyapoti: jekete lowala, wailesi m'manja, atsikana ogwira ntchito m'ndege akundipatsa moni. Lolemba ndinakwera mabasi awiri mpaka ku Coolock, nkutsikira pakati pa magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu. Nambala imene anandipatsa inali ya kashedi kopanikizika pakati pa ogulitsa matayala ndi osunga nsomba m'mafiriji. Mkatimo munalibe ndege. Munali chilata chimodzi chachikulu ngati chitseko cha galaja, chopindika, chogonekedwa pa mabenchi awiri, chikununkha.

"Ndegeyo ili kuti?" ndinafunsa.

"Waima pafupi nayo," anayankha mdala wina wovala juzi yobooka m'zigongono.

Awa ndiwo anali a Brennan, mzungu wa konkuno wa zaka zopitirira sevente, amene anakonza ndege moyo wawo wonse mpaka kupuma pantchito. Amavala kachipangizo kothandiza kumva, ndipo ukawatopetsa amangokazimitsa uli mkati moyankhula. Wina anali a Tembo a ku Lusaka, katswiri wowongola magalimoto, amene ankabwera Lolemba, Lachinayi ndi Lachisanu kudzathandiza zachitsulo. Ndi a Brennan tinkayankhula Chingerezi. Ndi a Tembo tinkangosakaniza, iwo Chinyanja chawo cha m'tauni, ine Chichewa changa chimene ndinabwera nacho ndili ndi zaka thwelofu.

Chilatacho chinali mphuno ya ndege, mbali ya kumanzere, m'munsi mwa zenera la woyendetsa. Ndege yake inali B-17, ya Amereka, ya mainjini anayi, yoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inkanyamuka ku England kukaponya ku Germany itanyamula anyamata khumi: oyendetsa awiri, wolondola njira, woponya mabomba, wa wailesi, ndi asanu a mfuti. Mwa asanuwo mmodzi ankakhala pamwamba, awiri m'mbali, mmodzi kumchira, ndipo wotsalayo pansi pamimba, atadzipinda m'kampira ka galasi ngati mwana wosabadwa. Ndegeyo itabookabooka ndi zipolopolo mpaka kutopa, anaitumiza kumpoto kwa chilumba chino kuti ikakonzedwe, koma sinaulukenso. Nkhondo itatha anaiduladula. Mlimi wina anatola chidutswa ichi nkuchisandutsa khoma la khola la nkhumba, ndipo nkhumba zinachita nacho zimene nkhumba zimachita, zaka ndi zaka. Mdzukulu wa mlimiyo ndiye anaona penti yachikasu pansi pa ndowe nkuimbira foni a Brennan. Pulani inali yoti tichitsuke chikaonetsedwe mu holo ya m'deralo kumapeto kwa Ogasiti.

Amene mukuganiza kuti kutsuka ndege yakale ndi nkhani ya paipi ndi sopo, mvetserani. Chilata chonsecho a Brennan anachigawa timabokosi pomanga ulusi, kalikonse kukula ngati chikhatho, kalikonse ndi nambala yake. Usanakhudze kabokosi umayamba wakajambula. Kenako magolovesi. Ndowe zouma zapamwamba umazitukula ndi kampeni ka madokotala, mpeniwo utagona, osati utaima. Zotsalazo umatenga kamtengo ka thonje, konga kotokosera m'khutu, nkukaviika m'madzi oyeretsedwa a m'botolo, osati a pampopi, nkumakagubuduza. Osakhula ayi. Kugubuduza. Thonje likada umataya nkutenga lina. Maliveti, timisomali tija tolumikiza malata a ndege, lililonse umalizungulira palokha ndi mswachi wa ana. Pamene pali phula kapena girisi ndi pamene umaloledwa kugwiritsa ntchito spiriti, koma pafupi ndi mabomba opentedwa ayi, pamenepo madzi okha. Ukamaliza umajambulanso nkulemba m'buku zimene wapeza. Tsiku likayenda bwino unkamaliza timabokosi tinayi. Timabokosito tinalipo mahandiredi.

Sabata yoyamba ndinkaganiza kuti akundiyesa, ntchito yeniyeni ibwera. Sabata yachiwiri ndinazindikira kuti yeniyeniyo ndi yomweyi. Pofika yachitatu msana unali utauma ngati thabwa, maso akutuluka misozi okha, ndipo m'basi pobwerera anthu ankandisiyira mpando wonse ndekha chifukwa cha fungo. Anzanga ankatumiza zithunzi ali kunyanja, ine ndili ndi thonje m'manja kupukuta chimbudzi cha nkhumba zimene zinadyedwa amayi anga asanabadwe. M'shedimo munalibe macheza. A Tembo akamagogoda, a Brennan ankazimitsa kachipangizo kawo, basi aliyense m'dziko lake. Tiyi hafu teni. Sangweji wani koloko. Thonje, thonje, thonje.

Mwambo wa nthawi ya nkhondoyo unali woti ndege ikabwerako ku ulendo, amakaniko apansi ankapenta kabomba kamodzi kachikasu pamphuno pake. Pachilata chathu mabombawo anali m'mizere: khumi, khumi, kenako mzere wachitatu wosatha. A Brennan anali ndi mapepala a asilikali onena kuti ndegeyi inayenda maulendo 24. Timabokosi ta mabomba sankalola wina kutikhudza, ankatsuka okha. M'mawa uliwonse asanavule chikhoti ankaima nkuwerenga amene atuluka, chala chili m'malere, ngati munthu wowerenga mbuzi zake. Lachiwiri la sabata yachinayi linatuluka la 24.

"Athera pamenepa," anatero. "Kabokosi kotsatirako mulibe kanthu. Panthawiyo lamulo linali loti mukakwanitsa 25 mwamaliza, bwererani kwanu. Linawatsalira limodzi lokha."

Ndinayang'ana kabokosi kotsatirako. Kanali kadakali ndi ndowe zake, ndipo kanali katajambulidwa kale. Pomwepo ndinamva kuyabwa kumene ndimakumva m'zala ndikaona mpando wa aphunzitsi uli wokha.

Lachitatu masana a Brennan ananyamuka kupita kwa dokotala wa mano. A Tembo Lachitatu sabwera. Ndinatsala ndekha ndi makiyi, maola atatu athunthu.

Ndifotokoze bwino, chifukwa ndi ntchito yabwino kwambiri imene ndinagwira holide imeneyo. Ndowe za m'kabokosi kaja ndinazitukula ndi kampeni mosamala, nkuzisunga m'kapu. Ndinaika pepala lopyapyala pa bomba la 24 nkulondola m'mbali mwake ndi pensulo, kenako ndinadula chimodzimodzi pa katoni ya bisiketi. Penti ndinatenga pa tizitini timene a Brennan amapentera tindege tawo toseweretsa: yachikasu, ndi kadontho ka yabulauni kuti isawale. Sindinapake, ndinachita kudinda ndi kasiponji kuti m'mbali musawongoke kwambiri, poti amakaniko aja nawonso ankapenta ali otopa. Ndinaumitsa ndi mfuti ya mphepo yotentha ya a Tembo. Ndinakandakanda ndi sitiluwulu kuti likalambe. Pomaliza ndinasakaniza ndowe zija ndi tiyi wozizira nkumatapo, nkuumitsanso. Nditabwerera m'mbuyo masitepe awiri, ngakhale ine sindinathe kuona pamene ndagwira.

Pulani inali yaifupi. A Brennan alipeze, adumphe, akuwe, ine ndiphulike chiseko, a Tembo aseke nawo, ndidzudzulidwe, basi. Mphindi teni zoti munthu apumeko.

Lachinayi m'mawa a Brennan anayamba kabokosi kaja tsaya litatupa. Ine ndinali pambali, thonje m'manja, ndikuluma milomo. Madzi, kugubuduza, kutaya. Madzi, kugubuduza. Kenako dzanja lawo linaima. Anatenga galasi lokulitsira zinthu. Anapitiriza pang'onopang'ono mpaka mchira wa bomba unaonekera. Sanadumphe. Sanakuwe. Anakoka kampando nkukhala, nkuvula magalasi.

"Mulungu wanga," anatero. "Walter ankanena zoona."

Chiseko changa chinali chitafika kale pakhosi, ndinachimeza. "Walter ndi ndani?"

Ndi pamene anandiuza gawo limene sindinkalidziwa. Walter ndi uja ankakhala m'kampira ka galasi pansi pamimba. Iye ankati panali ulendo wina umene anauluka mpaka kudera la adani, anawomberedwa ndithu, koma mitambo inaphimba pamene ankayenera kuponya, ndiye anawabweza. Akuofesi sanauwerenge ulendo umenewo. Pa chiwerengero cha anyamatawo anali atakwanitsa 25, pa chiwerengero cha ofesi anali pa 24. Choncho anawatumizanso kamodzi, pa ndege yobwereka poti yawoyi inali itawonongeka. Ndege yobwerekayo inagwetsedwa. Asanu ndi mmodzi anafa, anayi anagwidwa ukaidi. Walter anapulumuka, ndipo moyo wake wonse ankalemba makalata kuti anzake anafera ulendo umene sankayenera kupita. Palibe anamumvera. Anamwalira akulembabe.

"Ukuona tanthauzo lake?" anatero a Brennan. "Ofesi inakana, koma anyamata apansi anauwerenga. Anapenta. Mwana wake wamkazi, Loretta, takhala tikulemberana zaka zitatu. Ayenera aone izi."

Ndinatsegula pakamwa, koma foni inali kale m'manja mwawo. Anajambula, anatumiza. Tisanadye nkhomaliro yankho linabwera: a Loretta akugula tikiti, afika pakatha masabata atatu.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sunanene pomwepo. Inu munayamba mwaonapo mdala wa tsaya lotupa akupukuta misozi ndi juzi? Ndinati ndinena mawa. Mawa linafika, ndinati Lolemba.

Amene ndinayamba kuwauza anali a Tembo, tili panja pa matayala akale tikudya.

"Ankolo, bomba lija ndi langa."

Anasiya kutafuna. "Iwe mwaiche, wakamba chani?"

"Ndinapenta ndine. Lachitatu."

"Na heat gun yanga?" Ayi, sanatero, ndisawanamizire. Anangoseka kamodzi kokha, kuseka kopanda mano. "Ndiye chifukwa mfuti yanga ya mphepo inali na yelo kukamwa. Iwe ndiwe mfiti. Manje uzakamba liti?"

"Mwina inuyo mukanawauza, poti ndinu aakulu."

"Ine? Awe. Mulandu ni wako. Koma mvela, amai aja ni nkhalamba, akwela ndeke maola yambili. Ukapanda kukamba, nizakuchaya neka."

Ndinayesa kawiri. Koyamba ndinaima kumbuyo kwa a Brennan nkunena zonse, kuyambira katoni ya bisiketi mpaka tiyi. Nditamaliza anatembenuka, nkuyatsa kachipangizo kawo, nkuti, "Umati chiyani?" Ndinati thonje latha. Kachiwiri ndinawapeza atatulutsa chithunzi cha anyamata khumi aja ataima patsogolo pa ndege, asanu ataimirira, asanu atanyonyomala. Anandigwira paphewa nkuyamba kundiphunzitsa maina, kuti a Loretta akabwera ndisachite manyazi. Wamng'ono pa onse ankandiposa ndi zaka ziwiri zokha. Walter anali wamfupi, wa makutu aakulu, chipewa chitapendekeka. Nkhope yake ndinaizindikira: ya munthu amene aphunzitsi amamukhazika kutsogolo kuti azimuona. Tsiku limenelonso ndinalephera.

Masabata atatu amenewo ndiwo anali otopetsa kuposa onse. A Brennan anasintha, anayamba kuimba mluzu, anagula juzi yatsopano, anayamba kundigulira makeke. Keke ya munthu amene wamunamiza imakakamira kummero. M'mawa uliwonse ankawerenga mpaka 25, ndipo akafika pa langalo ankagwedeza mutu. Ine thonje, thonje, ndikumva a Tembo akugogoda mwamphamvu kuposa kale. Kunyumba amayi anati, "Ntchito imeneyi yakukonza, wayamba kukhala chete." Ndinangoti eya.

Lachisanu limene a Loretta anabwera kunkagwa mvula yowaza, ya kuno yosadziwika ngati ikugwa kapena yangoima m'malere. Takisi inaima cha m'ma leveni. Anatsika mayi wamtali, wa imvi mutu wonse, wa ndodo, atakumbatira kachitini ka bisiketi. A Brennan anawalandira ndi manja awiri. Ine ananditumiza kukatereka tiyi.

Ndikubwera ndi thireyi ndinapeza atatsegula kachitini kaja. Munali kabuku ka bambo awo, kakang'ono ngati ka nyimbo, kolembedwa ndi pensulo. A Brennan anawakokera mpando pafupi ndi chilata, ndipo a Loretta anayamba kuchita chinthu chimene sindinachiyembekezere: bomba lililonse ankaliwerengera tsamba lake. Loyamba: kunazizira mpaka sangweji inauma ngati mwala. Bomba lachisanu: wa wailesi anasanza m'chipewa chake. Lina: injini imodzi inazima, anabwerera ndi atatu. Lina: kalata ya amayi yafika, ati ng'ombe yabereka. Lina linali ndi mawu awiri okha, "Tafika. Ndatopa." Atafika pa tsamba la ulendo wa mitambo uja anawerenga pang'onopang'ono, nkuyang'ana a Brennan, kenako anapitiriza. Ine ndinali chiimire ndi thireyi.

Masamba anali 25. Mabomba anali 25. Anatseka kabuku.

"Mchimwene wanga Frank ndamuuza kale," anatero. "Ali kunyumba ya okalamba, sayendanso. Ndinamusindikizira chithunzi chija, chili pakhoma pafupi ndi bedi lake. Anamwino onse wawaonetsa." Anatambasula dzanja, nkuliimitsa m'malere. "Mungandilole ndilikhudze? Lomalizali lokha."

"Likhudzeni," anatero a Brennan.

A Tembo anandiyang'ana. Anaika hamala pansi.

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Ndinangotopa basi. Ndinaika thireyi pabenchi, ndinatenga kamtengo ka thonje, ndinakaviika mu spiriti.

"Pepani amayi, musunthe dzanja pang'ono."

"Iwe! Spiriti pa mabomba ayi!" anakuwa a Brennan.

Ndinadutsitsa kamodzi pakati pa bomba langa. Thonje linatuluka lachikasu, ndipo pachilata panatsala mzere wa aluminiyamu woyera. Ndinatenga thonje lina nkukhudza kumchira kwa la 24, pang'ono pokha. Linatuluka loyera mbee. Penti yoti yakhala zaka zonsezo siisuntha ndi spiriti, ya masabata atatu imasungunuka ngati majarini. Ndinaika timitengo tiwirito pabenchi, moyandikana.

"Ndinapenta ndine," ndinatero. "Lachitatu lija munapita kukazulitsa dzino."

Kunja galimoto ya nsomba inkabwerera m'mbuyo ikulira pii, pii, pii. Inalira nthawi yaitali. A Tembo anatuluka panja kukaima pamvula. A Brennan anatenga timitengo tija nkumatiyang'ana. Ndinkadikira kuti andimenye kapena andithamangitse, chilichonse choti chithe msanga.

Oyamba kuyankhula anali a Loretta. "Chifukwa chiyani?"

Ndinafuna kupeka chifukwa chabwino, koma mutu unali utauma. "Ndinatopa ndi thonje. Ndimafuna kuona nkhope ya a Brennan akalipeza."

"Ndipo unaiona?"

"Ndinaiona."

"Inali yoseketsa?"

"Ayi, amayi."

"Uli ndi zaka zingati?"

"Seventini."

Anagwedeza mutu, nkuloza thireyi. "Tandipatsa tiyiyo, ndauluka ulendo wautali." Ndinawapatsa. Anali atazizira, koma anamwa yense, maso ali pa mzere woyera uja.

A Brennan anayamba kupepesa. "Wolakwa ndine, Loretta. Zaka zonse ndakonza ndege, sindinasainepo chinthu ndisanachiyese. Thonje limodzi la spiriti tsiku lomwelo likanandiuza. Botolo linali pomwepa. Sindinayese chifukwa sindinafune kudziwa."

"Nanenso sindinafunse," anatero a Loretta. Kenako anatembenukira kwa ine. "Tamvera mnyamata. Frank sindikamuuza. Watsala ndi miyezi yochepa, ndipo ine sindikachotsa chithunzi chija pakhoma. Ndizikamunamiza mchimwene wanga Lamulungu lililonse mpaka tsiku limene ndidzamuike m'manda. Ntchito imeneyo wandipatsa ndiwe. Ndimafuna udziwe."

Aphunzitsi andinenapo zambiri, amayi andinenapo zoposa pamenepo, koma mawu amenewa ndi okhawo amene sindinawaiwale mpaka lero.

A Loretta anakhalabe mpaka masana. Anapempha a Brennan kuti awasiye okha ndi chilata, ndipo tinatuluka tonse kukaima ndi a Tembo pansi pa denga la ogulitsa matayala. Pazenera ndinawaona akukhudza mabomba enieni aja limodzilimodzi, kuyambira loyamba. Atafika pa la 24 anasiya chikhatho pamenepo nthawi yaitali. Takisi isanabwere anayankhula ndi a Brennan pambali, uku akundiloza ndi ndodo.

Kunyumba nkhani inafika kudzera kwa Bambo Zuze. Amayi sanakuwe. Loweruka m'mawa anandidzutsa, tinakwera basi mpaka m'tauni, pa Moore Street anagula nkhuku yaikulu youma ya m'firiji, ija yolimba ya chikuda, nkundinyamulitsa m'jumbo mpaka ku Coolock. Titalowa m'shedi anati, "Gwada." Ndinagwada pasimenti yozizira, iwonso anagwada pambali panga, nkupereka nkhukuyo kwa a Brennan ndi manja awiri.

"Bambo, mwana walakwa. Ndabwera kudzapepesa. Wolera ndine."

A Brennan anafiira mpaka m'makutu. Anaima atanyamula nkhuku youma ngati khanda la eni, akuyang'ana uku ndi uku. "Mayi, chonde dzukani, simenti imeneyo ndi yoipa pa maondo. Nanga nkhukuyi nditani nayo?"

"Mulandire basi," anatero amayi. "Mukabweza ndiye kuti mlandu sunathe. Koma muiphike nthawi yaitali, imeneyo si ya ku supamaketi."

Anailandira. Amayi podzuka anagwira paphewa langa, ndipo ndinamva kulemera kwa thupi lawo lonse. Chimenecho ndiye chinandiwawa kuposa simenti.

Amene mukufuna kulowa ntchito yosamalira zinthu zakale, phunziro langa ndi laling'ono, ndipo theka lake ndi la a Brennan. Chimene mukulakalaka kuti chikhale choona, chimenecho ndiye muyambe kuchiyesa ndi spiriti. Theka langa ndi ili: chilata chonunkha chingaoneke ngati chilibe mwini, koma funsani kaye. Penapake pali munthu amene akuchidikira.

Sanandichotse ntchito. Chilango anagamula a Loretta, ndi chimene ankanena pondiloza ndi ndodo paja. Bomba langa ndinalipukuta lonse ndekha, ndipo anati malowo asawabise ndi chilichonse, akhale oyera choncho. Pa masiku atatu a chionetsero mu holo, ine ndiime pafupi ndi chilata kuyambira potsegula mpaka potseka, ndipo aliyense wofunsa kuti bwanji apa payera, ndimuuze ndi pakamwa panga zimene ndinachita. Ndisanayambe nkhani yanga, nditchule kaye maina khumi a anyamata aja, osaona papepala.

Iwo ankaganiza kuti ndifa ndi manyazi. Tsiku loyamba m'mawa ndinachitadi chibwibwi kwa mdala wina wa ndodo ziwiri. Koma pofika masana ndinali nditadziwa pamene anthu amagwira pakamwa ndi pamene amaseka, ndipo katoni ya bisiketi ija ndinabwera nayo ndikumaionetsa. Tsiku lachiwiri mzere wa kwa ine unali wautali kuposa wa pa tebulo la a Brennan, mpaka anabwera kudzandinong'oneza kuti ndichepetse manja, ichi ndi chilango osati sewero. Maina khumiwo sindinaphonye ngakhale limodzi, ndipo mpaka lero mukandidzutsa ndikhoza kuwatchula. Tsiku lomaliza agogo ena aakazi anamvetsera nkhani yonse, anandimenya ndi ambulera pamkono, kenako anandifunsa ngati ndimapentanso mageti. Ndinawauza kuti Loweruka ndilibe chochita.